Kodi Napoli ndi Mzinda Wofunika Kuulambalala?

Loweruka lina titatha kuchapa ndi kusesa, tidakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumakangana za mpira monga mwa masiku onse. Mnzathu wina wa Fomu 4, amene amakonda timu ya Napoli ngati adabadwira komweko, adati akadzaponda dziko la Italy adzayamba wakaona bwalo la Maradona. Wina adamuseka nati ku Napoli kumapita munthu wotopa ndi moyo, poti ndi mzinda wa mbava, zinyalala ndi zigawenga. Mkanganowu tidautengera kwa a Bambo otiphunzitsa Chilatini, omwe adachita maphunziro awo ku Roma. Iwo adavomera kuti ulendo wawo woyamba adawapisa m'thumba ali m'sitima, kachikwama ka ndalama n'kupita. Koma chaka chotsatira adabwererako. Kubwererako kumeneku n'kumene kudandigwira mtima.

Ine sindidakwerepo ndege, ndipo ena anena kuti mwana wa Fomu 3 akuzitengeranji za kutali. Komatu ansembe athu ndi makolo ena amapita ku Roma, ndipo kuchoka ku Roma kukafika ku Napoli pa sitima yothamanga ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa chabe. Tsono funso lilipo: apatuke kapena alambalale? Ine ndikuti apatuke.

Sindikufuna kunamiza munthu. Mbiri yoipa ya mzindawu siidachoke m'mutu mwa wina. Kuli gulu la zigawenga lotchedwa Camorra, lomwe limagulitsa mankhwala osokoneza bongo ndi kulipiritsa eni masitolo ndalama mowaopseza. Pa 19 Malichi 1994, anthu a gululi adawombera Bambo Giuseppe Diana m'sakiristiya, akukonzekera Misa, m'tauni ya Casal di Principe yomwe siili patali ndi Napoli. Mlandu wawo udali wodzudzula gululi poyera. Mtolankhani Roberto Saviano adalemba buku loulula zinsinsi za Camorra mu 2006, ndipo kuyambira pamenepo adayamba kuyenda ndi apolisi omuteteza. Za zinyalala nazonso n'zoona: mu 2007 ndi 2008 zidaunjikana m'misewu kwa masabata ambiri, zithunzi zake n'kufalikira dziko lonse lapansi. Vutolo lidachepa kalekale, koma zithunzizo zidatsala m'maso mwa anthu.

Koma taonani bwino, awerengi. Amene amalira ndi Camorra ndani? Ndi mayi wa kagolosale amene akuopsezedwa, ndi wansembe wolankhula chilungamo, ndi mnyamata wosowa ntchito amene akukopedwa kuti azigulitsa mankhwala. Ndi eni mudzi. Mlendo wobwera masiku atatu ndi kamera yake sali m'mabuku a zigawengazi. Chimene chimamupeza mlendo n'chomwe chidapeza a Bambo aja: opisa m'matumba pafupi ndi siteshoni yaikulu ya Piazza Garibaldi ndi m'sitima yodzaza yopita ku Pompeii, anyamata a njinga zamoto otsomphola wotchi yodula kapena chikwama, ndi magalimoto osalemekeza woyenda pansi. Zoterezi ziliko ku Roma komwe, koma sindidamvepo munthu ataleka kukaona tchalitchi cha Petulo Woyera chifukwa cha opisa m'matumba. Aliyense wa ife amene adakwerapo basi pa depoti ya m'tauni tsiku lotsekera sukulu amadziwa pobisa ndalama ya thiransipoti. Nzeru yake ndi yomweyo: wotchi yonyezimira isiyeni, pasipoti ikhale m'kati mwa malaya, usiku musalowe m'tinjira tamdima, ndipo muzifunsa eni nyumba yogona alendo za koyenda. Paja safunsa adadya phula.

Nanga munthu akapatuka apindulanji? Mzindawu udamangidwa ndi Agiriki Yesu asadabadwe, ndipo chigawo chake chakale bungwe la UNESCO lidachiika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse mu 1995. Chapafupi pali phiri la Vesuvius lomwe lidaphulika m'chaka cha 79 n'kukwirira mizinda ya Pompeii ndi Herculaneum. Lidaphulika komaliza mu 1944. Ife amene timavutika ndi Chilatini m'kalasi tingakaone pa makoma a Pompeii zimene anthu wamba ankalemba m'chilankhulo chomwechi, ena kukopa mavoti, ena kunyozana. M'katchalitchi ka Sansevero muli chosema cha mwala cha mu 1753 choonetsa mtembo wa Ambuye utafundidwa nsalu, ndipo nsaluyo ndi mwala womwewo. M'kathedulo amasunga magazi a Januarius Woyera, amene eni ake amati San Gennaro, ndipo katatu pa chaka khamu limasonkhana kudikira kuti asungunuke. Za pizza sindinena zambiri, poti ife a nsima ndi nyemba tingangodziputa njala.

Komabe chimene chidanditembenuza maganizo si zimenezi. Ndi nkhani ya dera losauka lotchedwa Rione Sanità. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 adamanga mlatho wodutsa pamwamba pa derali, kotero kuti anthu olemera ankangodutsa kumwamba osatsikira pansi. Derali lidaiwalika, ulova ndi umbanda n'kumera mizu. Mu 2001 kudafika bambo mfumu Antonio Loffredo. Iwo adaona kuti parishi ili ndi chuma chogona: manda a pansi pa nthaka momwe Akhristu oyamba ankaikamo anzawo. Mu 2006 achinyamata a m'derali adayambitsa kabungwe kotchedwa La Paranza. Adakonza mandawo, adaphunzira mbiri yake ndi zilankhulo zakunja, nayamba kuperekeza alendo. Alendo adachuluka chaka ndi chaka, ntchito zidapezeka, ogulitsa zakudya m'mbali mwa msewu nawonso n'kupezerapo.

Sikuti zonse zidatheka tsiku limodzi. Mu Sepitembala 2015 mnyamata wa zaka 17, wosalakwa, adawomberedwa pa bwalo la kutsogolo kwa tchalitchi cha m'dera lomweli zigawenga zikuwombera mwachisawawa. Adandiposa ndi chaka chimodzi chokha. Ndikamaganiza za iye, ndimaganizanso za anzake amene adatsala, omwe m'mawa uliwonse amayenera kusankha pakati pa ndalama yofulumira ya Camorra ndi malipiro a woperekeza alendo. Malipiro amenewa amachokera pa tikiti ya mlendo. Ndiye munthu akamauza anzake kuti ku Napoli musapiteko, akuchotsa nsima pakamwa pa yani? Si pa chigawenga ayi, poti icho malonda ake sadalira alendo. Mnzathu wotsutsa uja adandikumbutsa kuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Ndidamuyankha kuti mwambiwu n'ngwabwino pa dengu la usipa, koma mzinda wa anthu pafupifupi 900,000 si dengu.

Ndivomere kuti si aliyense angasangalale nawo. Wofuna bata, misewu yosesedwa ndi mabasi osunga nthawi atopa msanga, pakuti phokoso ndi makoma olembedwalembedwa n'zosasowa. Agogo oyenda ndi ndodo avutika ndi zitunda komanso njinga zamoto. Kumadzulo kwa mzinda, ku Campi Flegrei, nthaka idagwedezeka kangapo mu 2024 ndi 2025, choncho woyenda ayambe wamva nkhani asadanyamuke. Koma wamphamvu zake, wokhala ndi masiku awiri opuma ku Roma, akwere sitima ya m'mawa.

Mnzanga wa Fomu 4 akadali pomwepo kuti adzayambira ku bwalo la mpira. Ine mwayi ukadzapezeka ndidzatsikira pansi pa mlatho uja, n'kupempha kuti wondiperekeza m'mandamo akhale mnyamata wobadwira momwemo.