Foni ikudziwa pamene muli, koma kodi msewu ikuudziwa?

Mvula ikatha, kuyambira mu Meyi mpaka mu Okutobala, pamsewu wa M2 wochokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe, pa boma la Thyolo ndi pa Luchenza kupita ku Mulanje pamadutsa galimoto zina zachilendo. Ndi zazikulu ngati kabasi, mkati muli bedi, pophikira ndi thanki ya madzi, ndipo nambala zake kawirikawiri zimakhala za ku South Africa kapena ku Ulaya. Eni ake amati motorhome, ife tingoti nyumba yoyenda. Ena amapatuka kukaona minda ya tiyi, monga ku Satemwa, esiteti yomwe Maclean Kay anayambitsa mu 1923. Akangosiya phula n'kulowa m'misewu ya katondo, mumatha kuwapeza ataima pa mphambano, dalaivala akuyang'ana foni, akuyang'ana msewu, akubwereranso pa foni.

Vuto lawo ndi lathunso. Dalaivala wa lole ya feteleza, mwana wobwera ndi galimoto kuchokera ku Joni, anthu operekeza maliro kwa Chimaliro omwe sanapondeko n'kale lonse, onsewa masiku ano amati, "Tumizani location." Ndiye m'pofunika kumvetsa chimene chimachitika m'foni muja, kuti tidziwe pamene tingaikhulupirire ndi pamene tiyenera kuikayikira.

Choyamba kudziwa n'chakuti chimene timangoti GPS ndi zinthu zitatu zosiyana zomwe zili m'chikwama chimodzi. Pali kadontho kosonyeza pamene muli. Pali mapu amene kadonthoko kakuyendapo. Ndiye pali mawu aja okuuzani kuti khotani kumanja. Zitatuzi zimachokera kosiyana, ndipo sizilakwa mofanana.

Kadontho kamachokera kumwamba. Asilikali a dziko la America anaponya setilaiti yoyamba ya GPS mu 1978, ndipo mu 1995 ntchito yonse inakwanira ndi masetilaiti 24. Lero alipo pafupifupi 30, pa mtunda wa makilomita oposa 20,000 kuchokera pansi pano, ndipo iliyonse imazungulira dziko kawiri pa tsiku. Iliyonse ili ndi wotchi yolondola kwambiri, ndipo ntchito yake n'kuulutsa uthenga umodzi mosalekeza: ndine uje, ndili apa, nthawi ili yakuti. Foni yanu siyankha kanthu. Imangomvera, ngati wailesi ya pakhonde. N'chifukwa chake kadontho kaja sikadya bandulo, ndipo kamagwira ntchito ngakhale m'chigwa momwe netiweki ya TNM kapena Airtel yathawa.

Nanga kumvetserako kumauza bwanji foni pamene ili? Kumbukirani mvula ya mabingu. Mphezi ikang'anima ku phiri la Thyolo, kugunda kwake kumafika mochedwa, ndipo masekondi atatu aliwonse amene mwawerenga akutanthauza pafupifupi kilomita imodzi. Foni imachita masamu omwewo. Imaona nthawi imene uthenga unachoka ku setilaiti ndi nthawi imene wafika, n'kupeza mtunda wake. Kusiyana kwake n'kwakuti uthengawu umathamanga ngati kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi, moti wotchi ikalakwa ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi, munthu wasunthidwa kale mamita 300.

Mtunda umodzi sukwanira. Mbuzi yomangidwa pa chikhomo, itakoka chingwe mpaka kuthina, ikhoza kukhala mbali iliyonse ya chikhomocho. Muimange ndi zingwe ziwiri kuchokera ku zikhomo ziwiri, malo amene ingaime zingwe zonse zitathina atsala awiri okha. Chingwe chachitatu chikabwera, malo ndi amodzi. Foni imafuna masetilaiti anayi, chifukwa yachinayi imakonza wotchi ya m'foni, yomwe ndi yotchipa poyerekeza ndi mawotchi a kumwamba aja.

Mbali imeneyi ndi yodalirika kuposa mmene ambiri timaganizira. Kale boma la America linkasokoneza dala uthengawu kuti anthu wamba asapeze malo molondola, koma mu Meyi 2000 Pulezidenti Bill Clinton analamula kuti zileke. Lero foni wamba pamalo opanda zotchinga imalakwa ndi mamita pafupifupi 5, ndipo mafoni ambiri amamveranso masetilaiti a Russia, a China ndi a maiko a ku Ulaya. Chiperoni chikaphimba minda, inu osaona ngakhale mtengo womwe uli patsogolo, kadonthoko kamaonabe, pakuti nkhungu ndi mvula yamawawa siziutchinga uthengawo. Chimene chimausokoneza ndi nkhalango yothinana ya bulugamu kapena chigwa chakuya chomwe chabisa theka la thambo. Pamenepo kadontho kamatha kudumphira pa msewu woyandikana nawo. M'minda ya tiyi, momwe timisewu timayenda moyandikana ndipo timafanana ngati mapasa, kudumpha kwa mamita 20 n'kokwanira kukusocheretsani.

Tsopano tifike pa mapu. Mapu sachokera kumwamba. Anajambula ndi anthu, ndipo ali ngati chithunzi cha pa ukwati: chimaonetsa zoona, koma zoona za tsiku lomwelo. A Google Maps, omwe anayamba mu 2005, amasonkhanitsa misewu kuchokera ku zithunzi za mumlengalenga, ku maboma ndi kwa ogwiritsa ntchito. A OpenStreetMap, omwe anayambira ku Britain mu 2004, amajambulidwa ndi anthu ongodzipereka, ena a iwo akutsata mzere wofiira pa chithunzi ali kutsidya kwa nyanja. Munthu wotero amaona kuti pali njira. Sangaone kuti pa njirapo pali geti ndi mlonda chifukwa ndi msewu wa esiteti, kuti kamlatho kake ndi ka mitengo, kapena kuti njirayo ndi ya thirakitala yokoka masamba kupita ku fakitale.

Mayina nawonso amapusitsa. Chimaliro wathu uno ndi dera la mfumu ku Thyolo, komwe kuli Goliati, kwawo kwa malemu Bingu wa Mutharika. Koma kulinso nkhalango ya Chimaliro ku Kasungu, ulendo wa makilomita mazana angapo kumpoto. Mlendo wongolemba dzina n'kudina loyamba lomwe latuluka akhoza kuyamba ulendo wolunjika bwinobwino wopita kolakwika. Izi si za kuno kokha. Mu Disembala 2012 apolisi a ku Australia anachenjeza anthu kuti mapu a Apple aika tauni ya Mildura pakati pa nkhalango yotentha, makilomita pafupifupi 70 kuchokera pamalo ake enieni, ndipo anthu ena anachita kukapulumutsidwa.

Chithunzi chimakalambanso. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola milatho ndi kudula misewu ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu m'masiku ochepa chabe. Foni yomwe inali ndi mapu a mu Febuluwale inkasonyezabe msewu wathunthu pomwe panali chigwembe. Ku India mu Novembala 2024 amuna atatu anafa galimoto yawo itagwa pa mlatho woduka pafupi ndi mzinda wa Bareilly, akutsata njira ya pa foni. Kadontho kawo kanali pamalo oyenera. Mapu ndi amene sankadziwa kuti mlatho unakokoloka.

Chachitatu ndi mawu okuuzani pokhota, ndipo apa ndi pamene nyumba yoyenda imavutika kuposa aliyense. Pulogalamuyo imangowerengera njira yofika msanga. M'tauni ngati Blantyre imathandizidwa ndi mafoni ambirimbiri oyenda pamsewu womwewo, omwe amaisonyeza liwiro lenileni. Kumudzi mafoni otero ndi ochepa, ndipo ambiri ali m'matumba a anyamata a kabaza. Pulogalamu wamba siifunsa kulemera, kutalika kapena kukula kwa galimoto yanu. Njira yachidule yomwe njinga yamoto imadutsa ikuimba, galimoto ya matani atatu ndi theka imakatitimira, kapena denga lake limakakola pa nthambi. Choipa kwambiri n'chakuti sipakhala potembenukira. Mbali zonse ziwiri ndi mizere ya tiyi, kutsogolo kuli mtsetse, ndipo aliyense wokulira kuno akudziwa mmene katondo amaterera akangonyowa. Dalaivala amabwerera chafutambuyo kilomita yathunthu, mayi a kunyumba atatsika akumukodola ndi manja.

Pa zimenezi tiwonjezerepo zazing'ono zomwe zimapweteka. Mapu a pa foni amafuna intaneti, pokhapokha ngati munawasungiratu m'foni musananyamuke. Netiweki ikatha, kadontho kamatsala kokha pa tsamba loyera, kakudziwa pamene kali koma kopanda chouza munthu. Foni yogwira ntchitoyi imamwa batire ngati mwana woyamwa, ndipo ikakhala pa galasi padzuwa la mu Okutobala imatentha n'kuzima yokha.

Nanga pepala? Dziko lathu lili ndi mapu a boma opangidwa ndi Dipatimenti ya Surveys, odziwika kwambiri ndi a mulingo wa 1:50,000 ndi 1:250,000. Pa mulingo woyambawo, masentimita awiri pa pepala ndi kilomita imodzi pansi. Ubwino wake waukulu ndi kukula. Foni ili ngati kusuzumira m'nyumba pa kabowo ka kiyi: mumaona bwino kachigawo kamodzi, koma mukafuna kuona dera lonse timisewu timasowa. Pepala mumaliyala ngati mkeka, n'kuona nthawi imodzi Thyolo, Luchenza, Makwasa, njanji ndi mitsinje, n'kumvetsa chifukwa chake msewu ukuzungulira m'malo molunjika.

Pepala lilinso ndi mizere yokhotakhota yosonyeza kukwera kwa malo. Mlimi aliyense amene anapangapo akalozera m'munda wa pa chitunda aimvetsa msanga: mzere uliwonse ukutsata malo ofanana kutalika, ndipo mizere ikathinana ndiye kuti pamenepo m'potsetsereka kwambiri. Kwa woyendetsa galimoto yolemera, uwu ndi uthenga wamtengo wapatali kuposa mphindi zomwe foni yalonjeza. Pepala silizima, silifuna tchaja, ndipo mukhoza kulembapo ndi pensulo zomwe mwauzidwa m'njira.

Koma tisalikweze mopitirira. Mapu ambiri a boma anachokera ku zithunzi za pa ndege za zaka makumi angapo zapitazo, ndipo pa akale kwenikweni mudzapeza Cholo ndi Mlanje, kalembedwe ka atsamunda. Mapiri ndi mitsinje sizinasunthe, koma misewu, misika ndi masukulu zasintha. Ngati mapu a pa foni ndi kalendala wa chaka chatha, ena a pa pepala ndi kalendala wa nthawi ya agogo. Ndiponso pepala silikuuzani pamene mwaima. Pakati pa minda ya tiyi, chiperoni chitabisa phiri la Mulanje lomwe mukanalondolerapo, mukhoza kukhala ndi mapu abwino m'manja koma osadziwa poika chala. Chimene pepala likusowa ndicho foni ili nacho, ndipo chimene foni ikusowa pepala lili nacho. Ndi chifukwa chake kampani ya Tracks4Africa ya ku South Africa, yomwe imapanga mapu ake kuchokera ku njira zomwe apaulendo anadutsadi ndi galimoto, imagulitsa onse awiri, a pa makina ndi a pa pepala.

Latsala funso limodzi lomwe onse awiri sangayankhe: kodi msewu uwu, lero, ungapirire galimoto iyi? Yankho lili ndi mlonda wa pa geti, dalaivala wa thirakitala, mnyamata wa kabaza pa siteji, mayi wochokera kothyola tiyi dengu lili kumsana. Akulu anati safunsa anadya phula, ngakhale kuti wa nyumba yoyenda akapanda kufunsa phula amalilakalaka. Koma kufunsa kuli ndi luso lake. Mukati, "Achimwene, msewu uwu ukupita ku Goliati?" adzakuyankhani kuti eya, ndipo sananame, chifukwa iwo amadutsamo pa njinga tsiku lililonse. Tsikani m'galimoto, perekani moni, kenako mufunse kuti, "Pepani bambo, lole yomaliza kudutsa apa inadutsa liti? Nanga mlatho wa kutsogoloku ndi wa simenti kapena wa mitengo?" Ndipo mawu oti "ndi pompano" muwatenge ndi mtima wa munthu woyenda pansi.

Maganizo anga ndi akuti mkangano wa foni ndi pepala unayamba molakwika. Pa M2 ndi misewu ina ya phula, foni ndi yokwanira, bola mapu mwawasungiratu m'foni muli ku Limbe ndipo tchaja ili m'galimoto. Mukafuna kusiya phula muli pa galimoto yaikulu, yalani pepala usiku musananyamuke, musankhe nokha njira, ndipo foni ikhale yongokuuzani pamene mwafika pa njirayo. Ikakuuzani za chidule chomwe simunachione pa pepala, ikaneni mpaka munthu wa pamalopo atavomereza. M'nyengo ya dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi, mawu a munthuyo akhale oyamba.

Pali ntchito ina yomwe ili m'manja mwathu eni dera. Mu 2014 anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa anathandiza kujambula midzi ndi misewu yawo pa OpenStreetMap pokonzekera madzi osefukira. Mapu amenewo aliyense akhoza kuwakonza, ndipo ali ndi malo olembapo kuti msewu ndi wa fumbi, kuti pali geti, kapena kuti mlatho sungapirire kulemera kwakutikwakuti. Mphunzitsi wa jogalafe wa kwa Chimaliro ndi ana ake a Fomu 3, atakhala ndi mafoni awiri ndi masabata a holide imodzi, akhoza kulemba kamlatho kalikonse pakati pa Goliati ndi Luchenza. Wopindula woyamba adzakhala dalaivala wa ambulansi wofunafuna mudzi usiku, mlendo wa nyumba yoyenda n'kudzapezerapo mwayi pambuyo.