Chimwemwe Chimene Chilala Sichingachiumitse

Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chimene chinagwa m'Zambia ndi tsoka la dziko lonse. Chimanga chinafota chisanabereke, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo magetsi ankazima maola ambiri. Chaka chimenecho chinaulula poyera pamene aliyense wa ife anamangirira mtima wake.

Ambirife timasokoneza chisangalalo ndi chimwemwe. Chisangalalo chimadza ndi zokolola ndipo chimapita nazo. Tikagulitsa fodya, thonje kapena soya, kumudzi kumamveka nyimbo: wina wagula njinga, wina malata, wina akugona kumowa sabata lathunthu. Pofika Januwale ufa watha, nkhope zagwa, ndipo m'nyumba muli mkangano. Kukondwera ndi zokolola si tchimo, pakuti ndi mphatso ya Mulungu. Cholakwika ndi kuyembekezera kuti nkhokwe itipatse mtendere. Mu Luka 12, Yesu anasimba za mwini chuma amene anaganiza zopasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, koma moyo wake unafunidwa usiku womwewo.

Chimwemwe chimachokera kwina. Mneneri Habakuku analosera m'masiku amene Ababulo ankaopseza Yuda. Kumapeto kwa buku lake akutchula zonse zimene mlimi amaziopa: mitengo yosabala, minda yopanda chakudya, makola opanda ziweto. Atazitchula zonsezo, akutsimikiza kuti adzakondwerabe mwa Mulungu amene amamupulumutsa. Sanabise kuti njala imapweteka. Anangokana kuti njalayo ikhale mbuye wake. Momwemonso Paulo ndi Sila, atakwapulidwa ndi kutsekeredwa m'ndende ku Filipi, ankapemphera ndi kuimba pakati pa usiku, zitseko zisanatseguke. Mlimi aliyense amadziwa kuti mtsinje wodalira mvula umaphwa mu Okutobala, koma chitsime chofika pa kasupe chimathirira dimba mpaka dzinja.

Wina anganene kuti mawu otere ndi otonthoza chabe, ndipo mwana wanjala sadya chimwemwe. Ndi zoona kuti sadya. Koma taonani zimene mtima wopanda chimwemwe umachita pa nthawi ya njala. Umagulitsa feteleza wa FISP kuti upeze ya mowa. Umakwatitsa mwana wamkazi wa sukulu pofuna kuchepetsa pakamwa podyetsa. Umaloza chala gogo wosalakwa kuti ndiye wamanga mvula. Munthu amene akudziwa kuti Mulungu sanamutaye sathamangira zotere. Amasunga mbewu ngakhale mimba ikulira, amakumba mayenje nthawi ya chilimwe, amabzalako mapira ndi chinangwa, ndipo amagawana ndi mnansi kambale ka ufa kotsala. Chimwemwe cha mwa Khristu chimalimbitsa manja ogwira khasu.

Chimwemwechi sichigulidwa pamsika, ndipo sichimera chokha ngati udzu. Agalatiya 5 amachiwerengera pakati pa zipatso za Mzimu, ndipo chipatso chimafuna nthawi ndi chisamaliro. Chisamaliro chake ndi pemphero la m'mamawa tisanapite kumunda, Mawu a Mulungu owerengedwa pabanja, kuyamika pa zochepa, ndi kukhululukirana pa milandu ya malire a minda.

Abale ndi alongo, chakudza sichiimba ng'oma. Chilala china chidzabwera, ndipo chitsime sachikumba ludzu litafika kale pakhosi. Tiyeni tichikumbe tsopano.