Si choko, ndi mfundu

Aphunzitsi anzanga, kwa zaka zambiri ndinkanamizira choko. Ndikaona zoyera pamapewa a malaya ndinkangosasa n'kumati ndi fumbi la pabolodi. Koma pa holide ya Ogasiti, osagwira choko ngakhale tsiku limodzi, zoyerazo zinalipobe. Ndinali ndi mfundu, ndipo tsitsi la paliwombo linali litayamba kuchepa. Inu amene munkakhala kutsogolo mu Fomu 4, ndikudziwa munkaona.

Wolakwa ndinali ine. Kuno ku Salima kukatentha mu Okutobala timasamba kawiri katatu patsiku, ndipo ine ndinkatsuka mutu ndi sopo wochapira zovala. Sopo ameneyu amaumitsa khungu, kuyabwa kumakula, munthu n'kumakanda mpaka tsitsi kumaduka.

Chimene chimabweretsa mfundu nthawi zambiri ndi kafangasi kotchedwa Malassezia, kamene kamadya mafuta a pakhungu la m'mutu. Choncho musagule shampu chifukwa cha fungo kapena chithunzi cha pabotolo. Werengani kumbuyo, mufune mawu oti ketoconazole kapena selenium sulphide. Pakani kawiri pa sabata, ndipo dikirani mphindi 5 musanatsukuluze. Masiku enawo shampu wa makanda ndi wokwanira.

Botolo lolonjeza kumeretsa tsitsi lisiyeni pashelefu. Dazi lakumtundu silimva shampu. Bambo anga anali nalo, nanenso likundilondola. Ndipo mwana m'kalasi akakhala ndi zigamba zozungulira m'mutu, chimenecho ndi chipere. Mutumizeni kuchipatala akalandire mankhwala akumwa.