Mtengo wa Chinthu Chosoŵa: Phunziro la Masitampa a ku America

Mu November 2023 sitampa imodzi ya ku America inagulidwa pa madola opitirira pang'ono 2 miliyoni. Sitampayo ndi ya m'chaka cha 1918, ya masenti 24, ndipo ndege imene ili pamenepo inasindikizidwa chadodolido mwangozi. Pepala limodzi lokha la masitampa 100 otere ndilo linafika kwa anthu. William Robey analigula pa madola 24, ndipo patapita masiku oŵerengeka analigulitsa pa madola 15,000. N'zachidziŵikire kuti osunga masitampa salipira kukongola kwa kapepalako. Amalipira kusoŵa kwake.

Komatu kusoŵako kuli m'manja mwa wosindikiza. Mu 1962 dziko la America linatulutsa sitampa yokumbukira Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations amene anafa pa ngozi ya ndege pafupi ndi Ndola mu 1961. Pa masitampa ena utoto wachikasu unatembenuzika, ndipo amene anawapeza anayesa kuti atola chikwama. Akuluakulu a positi ofesi atamva, anasindikiza dala masitampa olakwika chimodzimodzi oposa 40 miliyoni. Chuma chija chinasungunuka, ndipo lero sitampayo mtengo wake ndi wochepa zedi.

Mu 2013 positi ofesi yomweyo inachita zosiyana. Inatulutsanso ndege yadodolido ija pa sitampa ya madola 2, koma pakati pa mapepala oposa 2 miliyoni inabisamo 100 okha amene ndege yake inali yoongoka. Anthu ena anagula mapepala ambirimbiri poyembekeza mwayi, ngati mpikisano wa lotale.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Wamalonda akalengeza kuti wapanga zoŵerengeka, wogula amachita mantha kuti atsala, motero amagula msanga osalingalira. Ndiponso chinthu chimene chalengezedwa kuti n'chosoŵa aliyense amachisunga mosamala, kotero kuti kaŵirikaŵiri sichisoŵa konse. Zimene zimasoŵadi ndi zija anthu ankazitaya osazilabadira.

Choncho wachinyamata amene wangoyamba kulandira malipiro, asanatulutse ndalama pa nsapato, wotchi kapena chithunzi chotchedwa chapadera, ayenera kufunsa mafunso aŵiri: zinapangidwa zingati, ndipo ndani angaletse mwini wake kupanganso zina? Ngati yankho palibe, agule chifukwa chakuti chinthucho wachikonda, osati poyembekeza kulemera nacho.