Nyumba zakale za mishoni ku Neno: utsi ukuchokera kukhitchini

Mu February 2020, akuluakulu a mpingo wa Church of England adagwirizana kuti pofika chaka cha 2030 matchalitchi, masukulu ndi nyumba zawo zikhale zitasiya kuonjezera mpweya wa kaboni mlengalenga. Bungwe la National Trust, lomwe limasamalira nyumba zakale ku England, Wales ndi Northern Ireland, nalonso lidadziikira chaka chomwecho. Chimene chimawasowetsa tulo anzathuwa ndi kuzizira. Tchalitchi cha miyala chomangidwa kalekale chimafunika kuchitenthetsa ndi gasi kapena mafuta miyezi ingapo pachaka.

Kwathu ku Neno tilinso ndi malo a mtundu umenewu, ngakhale sitiwaganizira motero. Ansembe a Chikatolika a chipani cha Montfort adatsegula mishoni ku Neno mu 1906, ndipo a Seventh-day Adventist adayamba ntchito ku Matandani mu 1908. Mishoni si tchalitchi chokha. Pamakhala sukulu, nyumba za aphunzitsi, zogona ophunzira, khitchini, penanso chipatala, zonse pansi pa mwini mmodzi. Ndiye funso la ku England lija likutikhudza, koma yankho lake silingakhale lofanana. Ku Dambe kumazizira ndithu mu June, koma palibe amene amatenthetsa tchalitchi. Timangovala majuzi basi.

Maganizo anga ndi akuti nyumba zakale zoterezi tisamazigwetse m'dzina la chitukuko. Ndamvapo anzanga kuno kukoleji akunena kuti nyumba za atsamunda n'zachikale, bola kumanga zatsopano zoti tiikepo sola. Amaiwala kuti khoma lililonse lili ndi mtengo wake wa utsi. Njerwa za nyumba yakale zidaotchedwa agogo athu asanabadwe, ndipo ngongole imeneyo idalipidwa kale. Mukaigwetsa n'kumanga ina, mukuyatsa uvuni watsopano womwe udye mitengo yachilengedwe milumilu, kapena mukugula simenti. Kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wonse wa kaboni padziko lapansi. Boma lidaona vuto la mauvuni, n'chifukwa chake mu 2018 padatuluka malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, ndipo bungwe la National Construction Industry Council ndi limene lidapatsidwa udindo woyang'anira zimenezi.

Komanso amisiri akale aja ankadziwa dzuwa. Makoma ochindikala, denga lalitali ndi khonde lotambalala zimachititsa kuti m'nyumba muzizizira masana popanda fani. Yerekezani ndi kalasi ya mabuloko ndi malata otsika ku Lisungwi mu October, komwe mwana amasinza nthawi isanakwane 11 koloko. Chimene chimapha nyumba zakale si ukalamba ayi. Ndi denga lodontha, chiswe ndi madzi oima m'mbali mwa maziko. Ndiye pamabwera mmisiri wachangu n'kupaka simenti pakhoma lomwe lidamangidwa ndi dothi kapena laimu. Chinyezi chimatsekeredwa m'kati, njerwa n'kuyamba kufumbutuka. Laimu amalola khoma kuuma, koma achinyamata ophunzira zomangamanga ndi angati amene akuphunzitsidwa kumugwiritsa ntchito?

Utsi weniweni wa pamishoni uli kuseri, kukhitchini. Aliyense amene adaphunzirapo sukulu yogonera komweko akudziwa mulu wa nkhuni umene lole imatsitsa kumayambiriro kwa teremu. Mphika wa nyemba za ana mazana angapo umakhala pamoto kuyambira m'bandakucha, ndipo pamafuwa kutentha kwambiri kumangothawira m'mbali. Mbaula zikuluzikulu zomangidwa bwino, zokhala ndi chumuni, zimachepetsa nkhuni kwambiri, komanso zimapulumutsa maso ndi zifuwa za ophika. Kuviika nyemba usiku sikufuna ngakhale tambala. Mishoni zambiri zili ndi malo aakulu omwe zikhoza kudzalapo mitengo yawoyawo ya nkhuni m'malo mogula yodulidwa m'mapiri. Zimenezi sizikongola pachithunzi ngati sola padenga la tchalitchi, mwina n'chifukwa chake sizikopa opereka thandizo.

Za nkhunizi zimandipweteka chifukwa Neno ndi boma lomwe aliyense wodutsa pa Zalewa amalidziwa ndi matumba a makala opita ku Blantyre. Chodabwitsa n'chakuti magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pakhomo pathu pomwe, pa Nkula ndi Tedzani mumtsinje wa Shire. Nkula A idayamba kugwira ntchito mu 1966. Mapiri akameteka, dothi limakokolokera mu Lisungwi ndi Wamkulumadzi mpaka mu Shire, matope n'kumasokoneza makina opangira magetsi. Magetsi akazima, wokhala ndi jenereta amathira dizilo, wopanda amagula makala ena.

Sola sindikuikana. Ndikungoti aikidwe mwanzeru: pansi, kapena padenga la nyumba zatsopano, osati kuboola malata ndi mitanda ya tchalitchi cha zaka zoposa 100 popanda wofufuza ngati ingapirire kulemerako.

Wina anena kuti Malawi amatulutsa mpweya wochepa kwambiri, ndiye tivutikiranji ndi mlandu wa mayiko olemera? Akunena zoona, ndipo lonjezo lomwe dziko lathu lidapereka mu 2021, lochepetsa mpweyawu ndi 51 peresenti pofika 2040, mbali yake yaikulu ikudalira ndalama zakunja. Koma mkulu wa sukulu amene wachepetsa malole a nkhuni sakuchitira chifundo anthu a ku London. Akupulumutsa ndalama za fizi ndi phiri limene lili kuseri kwa sukulu yake.

Tili ndi lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 loteteza zinthu zakale, koma maso a anthu amathera pa Mandala House ya 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels mumzinda wa Blantyre. Za kumaboma ngati Neno zimasiyidwa m'manja mwa mipingo yokha. Ndikadakonda mipingo yokhala ndi mishoni kuno itayamba ndi kaundula wosavuta: nyumba iliyonse idamangidwa liti, ikudontha pati, ndipo khitchini imadya malole angati a nkhuni pa teremu. Ife ophunzira mbiri yakale tikhoza kuyenda ndi kope n'kulemba zimenezi pa tchuthi chimodzi, atatipatsa chilolezo ndi pogona.