Unga wa Rola si wa anthu osauka

M'makomboni ambiri, banja logula thumba la Breakfast limayesedwa lopeza bwino, pamene Rola amati ndi unga wa osauka. Maganizo amenewa ayenera kutha.

Cimanga cili ndi sitaci, imene m'mimba imasanduka shuga wopatsa thupi mphamvu. Cilinso ndi gaga, amene thupi siligaya, koma amathandiza matumbo kugwira bwino nchito. Popanga unga woyera, cigayo cimacotsa gaga wambiri pamodzi ndi mavitamini. Mu Rola ndi mugaiwa zambiri mwa izi zimatsala.

M'zaka za m'ma 1970, Dr Denis Burkitt, amene anagwirapo nchito ku Uganda, anacenjeza kuti matenda a m'matumbo amaculuka kumene anthu amadya zakudya zoyeretsedwa. Mu 2019, kafukufuku wamkulu wofalitsidwa m'magazini ya madokotala ya The Lancet anaonetsa kuti anthu amene amadya magalamu 25 mpaka 29 tsiku lililonse a zinthu zonga gaga, zopezekanso mu nyemba, ndiwo zamasamba ndi zipatso, sadwala kawirikawiri matenda a shuga, a mtima ndi khansa ya m'matumbo.

Matenda a shuga si masewera. Amaononga maso ndi impso, ndipo ena amadulidwa phazi. Rola payekha si mankhwala, pakuti nsima yoculuka ya unga uliwonse imakweza shuga m'magazi. Tsono mabanja acepetseko nsima ndi kuonjezera kayera, cibwabwa ndi kalembula. Mai wosenza thumba la Rola asacite manyazi pamsika: wagula unga wabwino.