Za Ntchito za Manja: Kasefa ka Wailesi ya m'Galimoto Yakale

Mwezi uno tikambe za kanthu kakang'ono kamene amisiri okonza galimoto zakale amakasamala koposa. Ndiko kasefa ka tizibowo kamene kamakhala pa dashibodi, kutsogolo kwa woyendetsa, kotchinga sipika ya wailesi.

Wailesi zinayamba kufala m'galimoto m'chaka cha 1930, pamene kampani ya Galvin ya ku Chicago inatulutsa wailesi yotchedwa Motorola. Ndipo mu 1932 a Blaupunkt a ku Germany anapanga yawo. Patapita zaka, opanga galimoto anayamba kusiyiratu malo a sipika pa dashibodi. Mu Volkswagen Beetle ya 1955 kasefako kanali pakati penipeni, pomwe mu Chevrolet ya chaka chomwecho kanali kumbali ya wokwera.

Nanga ntchito yake n'chiyani? Dziwani kuti chimene chimatulutsa mawu m'sipika ndi pepala lowumbidwa ngati mbale, limene limanjenjemera ndi kukankha mpweya. Pepalalo likakalamba limauma, ndipo chala cha mwana chokha chikhoza kuliboola. Tsono kasefa kali ndi maudindo awiri: kutsekereza fumbi ndi zala, ndiponso kulola mawu kudutsa. Wokonza akaiwala udindo wachiwiriwu, adzakhala ndi kasefa kokongola pamaso, koma wailesi yolankhula ngati munthu wofunda bulangete kumutu.

Choyamba, masulani nthambo ya batire, kuti moto ungabuke pamene chitsulo chakhudza mawaya a kuseri. Kenaka masulani kasefako pang'onopang'ono, ndi kusunga zomangira zake m'kachitini, pakuti zina sizipezeka msanga m'sitolo. Sipika muiike patali ndi pogwirira ntchito, chifukwa maginito ake amakoka tizidutswa ta chitsulo, ndipo tikalowa m'kati mawu amasasa.

Ngati kasefa ndi kachitsulo kopakidwa utoto ndipo kadyedwa ndi dzimbiri, kavikeni m'viniga usiku umodzi, mawa lake mukatsuke ndi mswachi wakale, mutsukuluze ndi madzi, ndi kukaumitsa padzuwa msangamsanga, dzimbiri lisanabwerere. Ngati ndi konyezimira ka chrome, musakapale ndi sandipepala. Pukutani ndi nsalu yofewa.

Pa utoto ndi pamene ambiri amaphonya. Utoto wokhuthala umatseka tizibowo. Pakani wochepa, dikirani uume, mupakenso wochepa. Bowo likatsekeka, litsegulireni ndi singano utoto usanalimbe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuseri kwa masefa ena kumakhala kansalu. Kakawola, sankhani nsalu yopyapyala, ndipo muiyese motere: iyikeni pakamwa ndi kuuzira, ngati mpweya ufika pa dzanja lanu mosavuta, mawunso adzadutsa. Guluu mupake m'mphepete mokha, ndi kukoka nsaluyo kuti isachite makwinya. Pomanga, limbitsani zomangira zonse mofanana, kuti kasefa kasamalire phokoso pa msewu wa mabampu.

Inu amene mulibe galimoto, musayese kuti mawu awa sakukukhudzani. Wailesi yakale ya m'nyumba ilinso ndi sipika ya pepala ndi kansalu kotchinga, ndipo kakonzedwe kake n'komweko. Itanani ana anu aone pamene mukugwira ntchitoyi, aphunzire kuti chinthu chokalamba sichitayidwa chisanayesedwe.